Jezi Yobiriwira ya Amalume

Jezi ija inali yobiriwira, nambala 8 kumsana, kolala yake yong'ambika. Amalume anabwera nayo kuchokera kumigodi, komwe anasewera ragibe mpaka kukaimira dziko lathu kunja. Pofika kwathu ku Nabvutika chilimwe chimenecho analibe ntchito, analibe mkazi. Chuma chawo chinali jeziyo ndi mpira wooneka ngati dzira.

Aphunzitsi a masewera anawalonjeza kuti akasonkhanitsa ana khumi ndi asanu, adzawaitanira timu ya sukulu ina ya m'tauni mvula isanagwe. Amalume anakakamira mawu amenewo. Masana aliwonse ankathamangitsa anyamata pabwalo, chisoso chouma chikumata m'miyendo. "Ponyera kumbuyo, thamangira kutsogolo," ankatero, kenako n'kutsokomola atagwira mawondo.

Mnyamata wina atathyoka phewa, makolo anayamba kuletsa ana awo. Amati umenewu si mpira koma ndewu. Ndinawaona amalume, munthu amene dzina lake linkamveka pa wailesi, akuyenda khomo ndi khomo, kugwadira azimayi ogulitsa tomato. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo mpaka lero manyazi angawo amandiwawa. Anapempha mpaka ana anakwana khumi ndi anayi. Mitambo inali itayamba kale kuda cha ku Mwami.

Ndiye maso awo anagwera pa ine, mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri.

"Alongo, mwana wamkazi?" anatero amayi.

"Mwinimbumba ndine," anayankha amalume.

Kwathu mawu a malume pa mwana wa mlongo wake satsutsidwa. Lero ndimati analakwa, mwambo anaukhotetsera kwawo. Koma amayi, amene sankagonja pa mkangano ndi munthu aliyense, anangolowa m'nyumba.

Tinasewera. Ndikukumbuka fumbi m'mano ndi magazi a mlomo wanga akukoma mchere. Timu ya m'tauni ija inatikwapula, zigoli sindinawerenge. Theka loyamba amalume ankatsata mpira m'mbali mwa bwalo, theka lachiwiri anaonera atakhala pansi. Pamapeto anatigwira chanza mmodzimmodzi, dzanja lawo likutentha ngati mbaula. Mvula yoyamba inawapeza ali kumanda.

Chilimwe chonsecho, Loweruka lililonse, amayi ankatenga singano n'kuipinda jezi ija m'mbali kuti ichepe, chifukwa inkangowalendewera amalume m'mapewa. Ine ndinkakhala pambali n'kumanyoza kuti nsalu zakunja n'zachabechabe, zimangotanuka.

"Eya mwanawe, zimatanuka," ankatero amayi osadzutsa mutu.