Wopukuta Masitepe

M'mawa uliwonse Mihret ankayamba watchera khutu pachitseko. Akamva kuti Mayi Riet a m'nyumba ya pansi atuluka ndi galu wawo, ankavula nsapato, kuzikoleka m'khosi, n'kukhala pa sitepe ya pamwamba. Ankatsika chokhala, pang'onopang'ono, ngati khanda.

Kwawo ku Keren munthu ukatuluka pakhomo ndiye kuti waponda kale dothi. Kuno ku Haarlem iye ndi mwamuna wake Ghirmay anapeza zipinda za pamwamba. Masitepe ake anali chiimire ngati makwerero, okhota pakati, aang'ono moti phazi linkakwana theka. Mimba itakula analeka kuona poponda, mantha n'kumulowa.

Ghirmay sankadziwa kanthu, poti ankalawirira ku ntchito. Tsiku loti Mayi Riet sanatuluke, Mihret nayenso sankatsika, mpaka anayamba kujomba kwa mzamba. Mzambayo anamuimbira foni.

"Bwera mawa ndidzamuone mwanayo. Zinthu zikatidzidzimutsa uli pamwambapo, machira sakwana pa masitepe otero. Amabwera ndi ozimitsa moto, kukutulutsira pa windo."

Mihret anasuzumira mumsewu. Mawindo onse a tsidya linalo analibe makatani.

Mawa lake kunacha ndi mvula, galu sanatuluke. Mihret anadikira mpaka nthawi inayamba kumuthera. Anavula nsapato, n'kukhala pansi. Atafika pokhota paja, chitseko cha pansi chinatseguka.

Mayi Riet, galu wawo ali pambali, anamuyang'ana, n'kuyang'ananso masitepe.

"Ndiye kuti ndi siketi? Ine ndakhala ndikukutama msewu wonse, kuti mtsikana wa pamwamba amapukuta masitepe tsiku lililonse, sadikira n'komwe kuti sabata yake yopukuta ifike."

Mihret analakalaka matabwawo atang'ambika kuti alowemo. "Pepani amayi," anatero, maso ali pa mawondo.

"Pepani wa chiyani? Wandipumitsa msana. Koma mwanawe, anakuuza ndani kuti amenewa amatsika choyang'ana kutsogolo? Tembenuka. Uwayang'ane ngati ukukwera, manja pa chitsulo, utsike chafutambuyo. Kale tinkakhala pamwambapo, ndipo ana anga onse ndinatsika nawo choncho. Malemu bambo akunyumba ankati zimenezo n'za amayi, mpaka anasiya mano awiri pokhota pomwe wakhalapo."

Mihret anagwira chitsulo, n'kudzuka, n'kutembenuka. Phazi linafufuza pansi, linapeza thabwa. Anadziwa kuti kumbuyo kwa siketi yake kuli mbuu ndi fumbi, pamaso penipeni pa mayiwo.

"Ndili pansi pako," anatero Mayi Riet. "Ukagwa ugwera ine, tikagonekedwe limodzi."

Mihret anatsitsa phazi lina. Kenaka anaima, n'kulankhula chapansipansi, nkhope ili ku matabwa.

"Amayi, musachoke pamenepo mpaka ndifike. Koma muziyang'ana galuyo."