Chimangirizo Chimene Ndinabisa M'kabati

Chaka changa chachiwiri pa sekondale ina m'chigwa cha Henga, ndinkaphunzitsa a Fomu 3 buku la ku Joni, lonena za nthawi ya tsankho. Bukulo ndinkalikonda mopitirira muyeso. Ndikafika pamene munthu wakuda akumuthamangitsa pa benchi ya azungu, ndinkazungulira kalasi yonse, choko chili m'manja, mawu atakwera mpaka mphunzitsi wa kalasi yoyandikana ankabwera kudzasuzumira. Ana ankangondiyang'ana. Ambiri mwa iwo abambo awo ndi amalume awo ali ku Joni komweko, koma nkhaniyi ankaitenga ngati ya mayeso basi, ndipo zinkandipsetsa mtima.

Ndiye ndinawapatsa ntchito. Aliyense alembe chimangirizo chokopa anthu kuti asiye tsankho limene iyeyo waliona ndi maso ake. Ndinalonjeza kuti chimene chipose zonse, mwini wake adzachiwerenga pa asembule Lolemba, sukulu yonse ikumva.

Pasukulupo panali lamulo loti mwana akagwidwa akulankhula chinenero cha kwawo, azivala kathabwa m'khosi mpaka atagwidwa wina, ndipo woweruka nako ankatchetcha udzu. Ine lamuloli ndinkaligwira ndi manja awiri. Ndikangomva Chitumbuka pakhonde, ndinkatembenuka msanga. Koma ine mwiniwakene, wa ku Dedza, Chingerezi chikanditopetsa ndinkangolowa m'Chichewa, ndipo ana a apolisi ndi a manesi ochokera kwathu ankandiyankha m'Chichewa chomwecho, tonse n'kumaseka. Sizinandilowepo m'mutu kuti pamenepa pali nkhani.

Amene analemba za kathabwako anali mtsikana wina wa ku Mlowe, wamfupi, wosalankhulalankhula. Sananditchule. Anangolemba kuti teremu yonse kathabwa sikanagwerepo m'khosi mwa mwana wolankhula Chichewa, pamene iye anatchetcha katatu. Ulendo wina anatchetcha chifukwa chouza mnzake kuti kwawo kwagwa maliro, ndiye anafunsa ngati uthenga wa maliro umanenedwa m'Chingerezi. Zonse zimene ndinawaphunzitsa zinalimo, umboni, funso lobaya, pempho kumapeto. Chinali chimangirizo choposa zonse, ndipo ndinadziwa zimenezo ndisanamalize tsamba loyamba.

Ndinakwiya, ndisaname. Loweruka ndi Lamlungu sindinakhazikike. Ndinkachiwerenga, n'kuchisiya, n'kupita kukachapa, n'kubwereranso manja ali ndi thovu. Ndinadziuza kuti kathabwa si tsankho, palibe anamangidwa, palibe anathamangitsidwa pakhomo pake, mwanayu akungokuza zinthu. Ndinadziuzanso kuti ahedi sangakondwe nazo. Koma zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuima pa asembule, aphunzitsi anzanga, eni dera, akundiyang'ana cham'mbali.

Lolemba anawerenga mnyamata wina, za osewera mpira akuda amene amanyozedwa ku Ulaya. Anamuombera m'manja, ahedi n'kumuyamikira. Cha mtsikana uja ndinali nditachiika m'kabati ya m'stafu, pansi pa marejisitala akale.

Pa buleki mtsikanayo ananditsatira. Anapinda maondo pang'ono, n'kufunsa ngati pepala lake lasochera, poti anzake onse alandira awo. Ndinamuuza, maso ali pa mabuku amene ndinanyamula, kuti anasemphana ndi mutu. Ndinati mutu unali tsankho la khungu, osati malamulo a sukulu.

"Yewo, Madamu," anatero, m'Chichewa chosakanikirana ndi Chitumbuka. "Ine ndimayesa munati zimene taona tekha. Ndalakwitsa chomene, ndilembanso."

Analembadi. Lachitatu anabweretsa masamba awiri aukhondo, odzaza mawu anga omwe a m'kalasi, osasiyako ngakhale amodzi. Munalibe cholakwika chilichonse choti ndichonge ndi cholembera chofiira. Ndinamupatsa malikisi ambiri, iye anangopinda pepalalo osayang'ana n'komwe.

Kugwira ana olankhula Chitumbuka ndinasiya teremu yomweyo, mwakachetechete, osauza munthu chifukwa chake. Ndinkafuna kuti mtsikanayo aone, ndipo mwina anaonadi. Kangapo ndinatsegula kabati ija kuti ndimubwezere pepala lake, koma ndinkasowa poyambira, n'kutsekanso. Mpaka analemba mayeso a Fomu 4, chilichonse chimene ndinkamufunsa ankayamba wandiyang'ana kumaso kuti adziwe yankho limene ndikufuna, kenako n'kundipatsa lomwelo.