Tsiku Limene Ndinavinira Mlongo Wanga ku Joni

Maganizo opita ku Joni anandifikira tsiku la msika pa Kamwendo. Ndinakhala pa mashini anga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chimene ndinasoka ndi zipi imodzi ya thalauza basi. Njala yaikulu ija inali itangotha kumene, anthu ankangogula za pa kaunjika. Mwamuna wanga anali atamwalira, n'kundisiyira ana awiri a sukulu. Ndinavundikira mashini ndi chitenje, ndinapita ku golosale ya a Yusufu kumene kunali telefoni yolipira, n'kuimba nambala imene ndinaisunga zaka zitatu osaigwiritsa ntchito. Inali ya mlongo wanga Fanuwelo.

Fanuwelo ndiye wobadwa pambuyo panga. Anachoka kwathu ku Mavwere atangomaliza sekondale, atakangana ndi amalume. Amalume anamupezera mkazi, iye anakana, n'kunena poyera kuti sadzakwatira mkazi aliyense. Mawu amene anatuluka tsiku limenelo sindingawabwereze onse. Kuyambira pamenepo dzina lake pakhomo tinkalitchula motsitsa mawu.

"Achemwali, ndinu?" anakuwa pa telefonipo. "Bwerani! Ntchito yosoka ili mbwee kuno. Koma mudzaone nokha mmene ndikukhalira, kenako mudzasankhe."

Ana ndinawasiya ndi amayi. Basi ndinakakwerera ku Lilongwe, tinadutsa pa Dedza, tinaphikidwa ndi dzuwa la ku Tete, tinadutsa Zimbabwe yense, miyendo itatupa ngati maungu. Koma mtima wanga unkangodumpha. Ine Idesi, amene ulendo wanga wautali unali wa ku Chipata kukagula nsalu, ndikupita ku Joni! Pa depoti anandilandira amuna awiri. Wina anali Fanuwelo, atanenepa, atameta mpala. Winayo anali wamtali, wakuda bii, dzina lake Lwazi, namwino wa pachipatala china. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, china anandikonzera ine. Sindinafunse kuti chinacho amagonamo angati. Maso anandiuza okha.

Ndinene zoona, miyezi yoyambayo sindinali mlendo wabwino. Lwazi akaphika ndinkanena kuti ndakhuta. Polankhula za iye ndinkati "abambo awa", ngati munthu amene ndakumana naye m'minibasi. Ndinapeza ntchito pa shopu ina yosoka makatani. Ndalama ndinkatumiza kumudzi kudzera kwa madalaivala a basi, pamodzi ndi shuga ndi nsapato za ana, ndipo a Yusufu ndiwo ankandiuza ngati katundu wafika. M'makalata ndinkalemba kuti Fanuwelo akukhala ndi mnzake wa kuntchito. Lamlungu linkandiwawa kwambiri. Ndinkakhala pawindo kuyang'ana magalimoto, n'kumaganiza kuti pano kwathu anthu akutuluka m'tchalitchi, akupatsana moni mpaka dzuwa kufika pamutu. Ku Joni ukhoza kutha sabata munthu asanakufunse kuti wadzuka bwanji.

Nthawi yozizira itafika ndinadwala chibayo. Fanuwelo ankagwira ntchito ku hotelo ndipo sanamulole kujomba. Amene anandiperekeza kuchipatala, kundimwetsa mankhwala, mpaka kuphunzira kuphika phala la nsinjiro, anali Lwazi. Phala lake loyamba linali lamadzi okhaokha. Ndinaseka mpaka kutsokomola, iyenso anaseka. Kuyambira tsiku limenelo tinayamba kudyera pa tebulo limodzi.

Nditachira, Fanuwelo anandionetsa kumene ankapita Loweruka lililonse. Inali nyumba yakale imene iye ndi anzake ankasungiramo anthu othamangitsidwa kwawo chifukwa chokondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Munali a ku Zimbabwe, a ku Uganda, a ku Kongo, ndi Amalawi anzathu. Ena anali ndi zipsera. Fanuwelo ankawaperekeza kukakonza mapepala, kuwafunira ntchito, ngakhale kukawatenga ku polisi akagwidwa. Ndinayamba kuwaphunzitsa kusoka. Ndikakumbukira lero phokoso la m'chipinda chimenecho, zilankhulo zisanu ndi mashini awiri otha ntchito, ndimaseka ndekha pano pa khonde.

Chaka changa chachitatu, mwini nyumba ija ananena kuti akufuna kuigulitsa. Anthu a m'dera limenelo anagwirizana zokonza phwando lalikulu lopezera ndalama, komanso lothokozera anthu anayi amene anamenyera nkhondo ufulu wa anthu oterewa. Mmodzi mwa anayiwo anali Fanuwelo. Anabwera kunyumba akuthamanga pa masitepe ngati mwana.

"Achemwali, akuti aliyense mphatso yake amupatse ndi wachibale. Ine wachibale kuno ndinu nokha. Koma kudzakhala ojambula zithunzi. Mukakana sindidandaula."

Ndinamuyankha kuti ndiganize kaye. Koma manja anga sanadikire mutu. Mawa lake ndinatumiza uthenga kwa a Yusufu kuti anditumizire zitenje zabwino za pa Kamwendo. Sabata zitatu tinasoka osapuma: majekete a Fanuwelo ndi Lwazi, nsalu za pamatebulo, ndi diresi langa la manja otukumuka, lokhala ndi duku lalikulu ngati dengu.

Phwandolo linali Loweruka masana, mu holo ya m'dera lomwelo. Nditafika pakhomo ndinamva Chichewa kumbuyo kwanga.

"Kodi si a Idesi a pa Kamwendo inu?"

Anali a Bikisoni a ku Kapondo, amene ankagula fodya pamodzi ndi malemu mwamuna wanga. Anali atavala yunifolomu ya ulonda.

"Mukutani kuno, mayi? Mukudziwa kuti ndi phwando la anthu amathanyula limeneli? Ine ndangotumidwa ndi kampani. Paja Khirisimasi ino ndikupita kumudzi."

Ndinaganiza za amayi, za amalume, za azimayi a kutchalitchi. Ndinaganizanso kuti kwathu lamulo limamanga anthu oterewa. Kenako ndinaona Fanuwelo mkatimo, atavala jekete limene ndinasoka ine, akusuzumira pakhomo kundifunafuna.

"Ndabwera kwa mlongo wanga, a Bikisoni," ndinatero. "Mukakafika mukapereke moni."

Mkatimo, abale! Sindinaonepo zotero. Nsalu za mitundu ya utawaleza zinali lendelende kuchokera kudenga. Kunali madokotala, aphunzitsi, abusa atavala kolala yawo, azimayi okalamba atagwira ana awo manja. Kunali amuna ovala madiresi onyezimira ndi nsapato zazitali zimene ine sindingayende nazo ngakhale mapazi atatu. Mmodzi anagwira mkono wa diresi langa n'kufunsa kuti telala wake ndani. Nditadziloza pachifuwa anakuwa, n'kuitana anzake onse kuti adzaone msoko.

Anayamba kuitana othokozedwa aja. Woyamba anali mayi loya amene ankaimira anthu kukhoti osawalipiritsa. Wina anali mkulu wa imvi amene anamangidwapo kale nthawi ya tsankho. Aliyense akamatchulidwa, holo yonse inkaimirira. Atafika pa Fanuwelo, wotsogolera mwambo anafotokoza za anthu amene anagonapo m'nyumba ija, n'kuwapempha kuti aimirire. Anaimirira mbali zonse, ena akulira. Ine ndinali ndisanadziwe kuti ndi ochuluka chotero. Kenako ndinamva dzina langa.

Ndinali nditaloweza mawu a Chingerezi sabata yathunthu. Nditagwira maikolofoni, mawu onse aja anauluka. Ndinangoyamba Chichewa, Fanuwelo n'kumamasulira.

"Uyu ndi mlongo wanga. Ndinamubereka kumbuyo amayi akapita kudimba. Anali wolira kwambiri." Anthu anaseka. "Atachoka kwathu ine ndinakhala chete, sindinamuikire kumbuyo. Lero ndabwera kudzanena kuti ndi wathu, wa ku Mavwere, ndipo ndikumunyadira. Ndipo awo akhala apowo, a Lwazi, ndi alamu anga."

Apa Fanuwelo sanamasulire. Anangotsegula pakamwa, misozi ili chuchuchu. Ndinabwerezanso ndikuloza ndi dzanja, "Alamu anga!" Mtsikana wina wa ku Kasungu amene ndinkamuphunzitsa kusoka ndiye anakuwa kumbuyo kumasulira, n'kutchaya nthungululu. Lwazi anabisa nkhope m'manja, munthu wamtali ngati mlingoti.

Itakwana nthawi yopereka, anayamba kugawa timapepala kuti aliyense alembe mwakachetechete. Ine zinandinyong'onya. Ndinanong'oneza wotsogolera mwambo kuti kwathu sitipereka ngati tili pamaliro. Anandipatsanso maikolofoni. Ndinathamangira kukhitchini kukatenga beseni, ndinaimika anayi aja kutsogolo, woimbitsa nyimbo ndinamupatsa kaseti yanga ya kwathu. Perekaniperekani anayambika pakati pa Joni!

"A ku Zimbabwe onse bwerani! Madokotala, musabisale, takuonani! Tsopano onse ovala nsapato zazitali!"

Poyamba ankabwera mwamanyazi. Koma abusa aja atatsika pakati n'kuyamba kugwedeza mapewa akuponya ndalama imodziimodzi, basi holo yonse inasefukira. Anthu ankapita kukasinthitsa ndalama kuti abwerenso kachiwiri. Duku langa linagwa, sindinalitole. Ndinavina mpaka diresi kunyowa, ine amene ndinali ndisanavine chimwalirire mwamuna wanga. Beseni linadzadza, tinakatenga lina. Nditaponya maso pakhomo ndinaona a Bikisoni akusuzumira, phazi lawo likumenya pansi motsatira ng'oma. Sanalowe. Zimene zinapezeka tsiku limenelo, kuphatikiza ndi za timapepala tija, zinathandiza kuti nyumba ija isapite kwa munthu wina.

Ndinabwerera kumudzi patatha chaka china, ana atafika poti akufuna mayi wawo. Ndinabwera ndi mashini awiri amagetsi ndi mabulangete a aliyense. Nkhani ya phwando lija inali itanditsogolera kalekale. Pa Kamwendo ena anandilandira ndi manja awiri, ena ankangondiyang'ana cham'mbali. Azimayi ena amene ndinkawasokera mayunifolomu a kutchalitchi anasamukira kwa telala wina, ndipo mpaka lero sanabwerere. Amalume anabweza bulangete lawo osalitsegula. A Yusufu okha anangoti, "Mwayenda bwanji, mayi? Zitenje zija zinakwana?"

Ulendo wa ku Mavwere ndinauopa kuposa wa ku Joni. Pa njinga ya kabaza ndinkakonza mawu oti ndikawauze amayi, kuwasintha, kuwakonzanso. Ndinawapeza kumunda akukumba mtedza. Titapatsana moni, ndinagwada n'kuyamba.

"Amayi, pali zimene mwamva za ine ndi Fanuwelo. Ndimafuna ndikufotokozereni bwinobwino."

"Dzuka," anatero. "Tiye kuno."

Anayenda patsogolo, khasu lili paphewa, mpaka kumunsi kufupi ndi dambo, kumene kuli nthaka yakuda imene aliyense m'banja mwathu amaisirira. Panali chigawo chachikulu cholimidwa bwino, malire ake atabzalidwa chinangwa. Ine ndinkadziwa kuti malo amenewo amalume anawapereka kwa mwana wa mng'ono wa amayi, Fanuwelo atangochoka.

"Sanawapereke," anatero amayi. "Anafuna. Ndakhala pabwalo katatu chifukwa cha munda umenewu. Ndinawauza kuti mwana wanga sanafe. Ndimalima ndekha chaka ndi chaka kuti asanene kuti wagona."

"Koma amayi, mukudziwa chimene Fanuwelo..."

"Iwe, mwana ameneyu ndinamubala ndine. Unayamba kudziwa ndi iwe wa ku Joni? Makalata ako a mnzake wa kuntchito aja ndinkangoti mwana wanga akuvutika kunama." Anapukuta thukuta ndi m'mphepete mwa chitenje. "Zimenezi ine sindizimvetsa, ndipo sindinamize munthu kuti ndimazimvetsa. Koma wanga ndi wanga."

Ndinakhala pansi pa mzere. Njira yonse ndinkadziona ngati ngwazi, chifukwa ndinaimirira tsiku limodzi mu holo yodzadza ndi anthu ondiombera m'manja. Amayi anali ataimirira zaka zonsezi pamaso pa alongo awo ndi mudzi wonse, popanda wowaombera m'manja ngakhale mmodzi, ndipo sanauzeko aliyense wa ife.

"Akuti unavina," anatero akundiyang'ana.

"Ndinavina, amayi."

"Wamtaliyo, akuti ndi namwino? Amamusamala?"

"Amamusamala kwambiri."

Anagwedeza mutu, n'kuwerama kuzula udzu umene unamera m'malire.

"Ukamulembere kuti msana wanga watopa. Mvula ikagwa abwere adzaone munda wake. Mnzakeyo asamusiye. Makasu alipo awiri."