Mlalang'amba umene ndinauona chivundikiro chili chotseka

Nditagwira udalaivala ku Al Messila, mumzinda wa Doha, kwa zaka zingapo, maso anga anayamba kuchita nkhungu. Zikwangwani za pamsewu ndinkangoziloweza pamtima. Sindinauze munthu, ngakhale anzanga ogona nawo chipinda ku Bin Omran. Kuno dalaivala wosaona bwino samugulira magalasi ayi, amamugulira tikiti yobwerera kwawo.

Bwana wanga, mkulu wopuma pantchito, anali ndi nthenda yawoyawo: nyenyezi. Anagula telesikopu yonenepa ngati mtondo, ndipo m'galimoto ankandilalikira za mlalang'amba wina wakutali zedi, wooneka ngati mbale ziwiri zovundikirana, wowala pakati, wodzaza nyenyezi zokalamba zokhazokha. Ankati amene anayamba kuuona ndi mzungu wina wakalekale, pa telesikopu yopanga yekha, ndipo anauyesa kamtambo chabe. Ine ndinkangoti, "Zoona, bwana," uku ndikutong'ola maso kufunafuna maroboti.

Mu Doha magetsi amameza nyenyezi, choncho nyengo yozizira itafika tinapita kuchipululu. Atatha mapemphero a kulowa kwa dzuwa, bwana anaimika chida chawo, nachilozetsa kumwamba pogwiritsa ntchito foni. Kenako ananditembenukira.

"Anga maso akalamba. Yalla, tiye, yamba ndiwe, uli ndi maso akuthwa."

Akuthwa! Ndinawerama n'kusuzumira. Mdima wokhawokha, bii! Ndinapukuta diso, ndinasinthira linalo, olo kanyenyezi kamodzi. Ndinachita mantha, abale, thukuta kamukamu m'mphepo yonse ija. Mumtima ndinati basi, maso andithera pamaso pa bwana, mawa lomwe ndikulongedza chikwama.

Ndiye ndinauona mlalang'amba uja. Eee, ndinauona bwinobwino! "Uwo, bwana! Mbale ziwiri ndendende, pakati pakuwala mbee!" Ndinawonjezeranso kuti m'mphepete mwake muli kofiirira pang'ono, poti wonama sasiya nkhani yosakometsera. Mzungu wakale uja anavutika usiku ndi usiku kuti aone kamtambo, ine wa ku Dowa ndinaona zonse mosachedwa n'komwe.

Bwana anaomba m'manja ngati mwana. Pothamangira kuti adzaone, anadutsa kutsogolo kwa telesikopu, n'kuima chilili. Anatambasula dzanja, nachotsa chivundikiro chakuda chimene anaiwala kukamwa kwa chidacho.

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anasuzumira okha nthawi yaitali, nanena motsitsa kuti akuona kachizimezime chabe. Tinalongedza katundu.

Titafika pagalimoto anandiyang'ana nkhope nandifunsa mwaulemu, "Maroboti aja umawaonanso chonchi, ukamanyamula adzukulu anga?"

Anatambasula dzanja, ndinawapatsa makiyi. Ananditsekulira okha chitseko chakumbuyo, ndipo ulendo wonse wobwerera ku Doha ndinakhala pampando wa mabwana, nkhalamba ya maso okalamba ikundiyendetsa.