Mwendo wa Chule ndi Dzanja la Adada

Ndili mwana ku Chibavi ndinkadzitama kuti pokambirana mtengo palibe wondigwetsa. Ngakhale amayi a tomato pamsika ankati akandiona, n'kuyamba kubisa basela.

Ndiye kunabwera mayi ena ochokera ku Lilongwe, ofufuza za mitsempha, amene ankachita lendi m'mphepete mwa nkhalango ku Kaning'ina. Ankagula achule. Ine ndinkawagwira kudambo n'kukapereka m'chigubu.

Tsiku lina kuli nkhungu ndi kamvula kaja kosatha ka Mzuzu, anandilowetsa m'chipinda chogwirira ntchito. Munkanunkha sipiriti, fuliji ikulira chapansipansi. Pambale yagalasi panali mwendo wa chule wosendedwa, mwini wake atafa kale. Mayiwo anawazapo timchere. Mwendo uja unanjenjemera, kenaka n'kuyamba kupalasa ngati ukufuna kubwerera kudambo.

Ine ndinadumphira m'mbuyo. Koma mutu wamalonda sugona. Kunyumba, dzanja la adada linali litafa chidwalire sitiroko, likungolendewera ngati la malaya apachingwe.

"Mama, lero ndalama ayi. Mundipatse mankhwalawo."

"Iwe, ndi mchere wamba uwu."

"Yewo chomene, koma ngati ndi wamba mukuumiriranji? Achule a mwezi wonse, ulere."

Anandifotokozera kuti mtsempha uli ndi kakhungu kopyapyala kokhala ndi timakomo. Mchere ukadutsa pamenepo, uthenga umathamanga ngati magetsi m'waya, mnofu n'kukoka. "Koma kwa bambo ako uthenga unadukira kumutu. Mchere sungathandize, mwanawe."

Ine ndinangowamva ngati wamalonda wokana kutsitsa. Ndinakakamira mpaka anandikulungira pang'ono.

Masana adada akuwodzera pakhonde, ndinawaza mcherewo pa dzanja lija n'kudikira. Ngakhale nkhuku zinaleka kulira. Kenaka chala chaching'ono chinagwedera, kamodzi kokha. Adada anatsegula maso, anayang'ana mchere, anayang'ana ine. Dzanjalo silinasunthenso mpaka tinawaika m'manda.

Mwezi wonse ndinatuta achule ulere. Lero padambo paja pali nyumba zokhazokha, ndipo ana anga amaonera za mitsempha pafoni uku akuyasamula. Mayi aja anapeza achule awo. Ine ndinapeza mchere womwe unalipo kale kukhitchini kwathu, ndi chala chija, chimene mwina chinangogwedezedwa ndi ntchentche. Inu mukuti anapambana ndani?