Mwana Wandevu wa ku Sikelo

Tinafika ku Chikomeni mvula itangoyamba, amuna anga atawasamutsa kuchokera ku Chipata kuti akaphunzitse pa sukulu ya pulayimale kumeneko. Tinali ndi mwana mmodzi, wamkazi, amene anali atangoyamba kuyenda mogwira zipupa. Amuna angawo anali munthu wokonda kuima kutsogolo kwa anthu. Sipanapite nthawi anawasankha kukhala mlembi wa nthambi ya Chipani, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale popempha madzi osamba ankalankhula ngati ali pamsonkhano.

Ine Chitumbuka chinkandivuta. Ndinkadziwa "monire" ndi "yewo" basi, choncho mnzanga woyamba anali mayi wina wa ku Kasungu amene ankakhala kuseri kwa sukulu. Mwamuna wake ankagwira ntchito m'minda ya fodya, pomwe iye ankadutsa malire m'tinjira ta m'tchire kukatenga shuga ndi usipa, chifukwa masiku amenewo shuga m'masitolo mwathu tinkangomumva mbiri. Mayiyu anali wa pakamwa posapuma, ndipo akamanama ankanama nkhope ili gwa, osaphethira.

Chaka chimenecho kuchipatala chathu chaching'ono kunabwera dokotala wachitsikana wochokera ku Lusaka, ndi galimoto yoyera ya matayala akuluakulu. Tsiku la sikelo anatisonkhanitsa pakhonde, namwino wa pamalopo, mayi wachikulire, akumasulira m'Chitumbuka. Anafotokoza kuti akuchita kafukufuku wa mankhwala amadzi a malungo opangira makanda ndi ana ongoyamba kuyenda. Mankhwalawo sanali achilendo, anali abale ake a mapiritsi owawa aja amene akuluakulu tinkameza titatsinzina, koma iye ankafuna kudziwa ngati matupi a ana akuwalandira bwino akapatsidwa molingana ndi kulemera kwawo. Mwana akadwala malungo azimwa, ndipo mayi azibwera kudzanena chilichonse chachilendo chimene waona, kaya kusanza, kaya zidzolo, kaya kuyabwa, ngakhale kanthu kooneka kopanda pake. Otsala m'botolo azibwezedwa. Anabwerezabwereza kuti wosafuna asalowe, mwana wake adzathandizidwabe monga mwa masiku onse.

Mawu omalizawo ndi amene anatidabwitsa. Nthawi imeneyo zinthu za boma sizinkabwera ndi funso. Azimayi anayamba kunong'onezana kuti chinthu chimene munthu akukupempha mwaulemu chotere chili ndi mbedza mkati. Mnzanga wa ku Kasungu anathirapo mchere pobwerera kunyumba. Anati iye wamva kuti atsikana omwa mankhwalawo sadzabereka, ndipo anyamata adzakula akulankhula Chibemba chokhachokha. Ankafuna kuti tiseke, ndipo tinasekadi, koma nkhaniyo inafika m'midzi itataya mchira wake wa Chibemba uja n'kutsala ndi mutu wokha. Amene analembetsa ana awo anali ochepa. Ine ndinalowa chifukwa mwana wanga anavula dokotalayo magalasi n'kuwaika m'kamwa, iye osakwiya, anangowapukuta ndi diresi yake n'kupitiriza kumuyeza.

Pakati pa dzinja mwana wanga anatentha thupi. Kuchipatala anamubaya chala, n'kupeza kuti ndi malungo, ndipo anatipatsa botolo lija. Tsiku loyamba anasanza. Ndinakanena, dokotala anandifunsa mafunso ambirimbiri, kenako anati ndizimupatsa atadya kaye phala. Zinayenda bwino, mwana anachira n'kuyambiranso kugwetsa mbale. M'botolo munatsala oposa theka, ndipo ndinaliika pamwamba pa kabati kudikira tsiku la sikelo.

Amuna anga atamva kuti azimayi akuthawa kafukufuku, anaona ngati manyazi agwera nthambi yawo. Anaitanitsa msonkhano Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi. Ine sindinadziwe kuti m'thumba la jekete lawo munali botolo la pakabati lija. Anayamba ndi mfuu za Chipani, anthu n'kuyankha monga mwa chizolowezi. Anadzudzula amabodza, akuyang'ana kumbali kumene kunakhala mnzanga, amene anali kusenda nzimbe mosatekeseka. Kenako anatulutsa botolo, analikweza m'mwamba kuti aliyense alione, n'kunena kuti mtsogoleri weniweni amayamba ndi iye kulawa. Sanafune supuni. Anangopendeketsa botolo lonse kukamwa.

Ndinaona khosi lawo likukana, likuvomera, likukananso. Mankhwala aja amatsekemera pamwamba pokha, kuwawa kwake kumadikira pakhosi. Atatsitsa botolo maso awo anali odzaza misozi, koma anamwetulira n'kuuza anthu kuti akukoma ngati uchi. Anthu anaomba m'manja, ena analuluta.

Kutacha anayamba kukanda m'manja. Pofika masana anali kukanda kuphazi, m'khosi, ndi pakati pa msana pamene dzanja silifika. Ndinawauza kuti akulu ena mankhwala a malungo amawayabwa chonchi, mchimwene wanga ankatero. Anandiyankha kuti mankhwala amene iwo awavomereza pamaso pa anthu sangayabwe, ichi ndi chitedze. Ndinafunsa kuti chitedzecho anakumana nacho kuti, pakuti ulendo wawo unali wa kunyumba, kutchalitchi ndi kubwalo la sukulu. Anati mphepo imaulutsa. Anasamba madzi otentha, kuyabwa kunakula. M'kalasi ankalowetsa lula kumsana akunamizira kuganiza, mpaka anapempha kwa aphunzitsi aakulu kuti akhale kunyumba achonge mayeso. Kunyumbako ndinawapatsa chitsononkho, ndipo sindinaonepo munthu akulandira mphatso ndi chimwemwe chotero. Koma anandilamula ndi mawu a pamsonkhano aja kuti ndisayerekeze kutchula amuna anga kuchipatala.

Tsiku la sikelo ndinabereka mwana, ndinatenga botolo, n'kupita ndi mnzanga. Dokotala atalandira botolo analiyang'ana padzuwa, nkhope yake inasintha. Anafunsa kuti mankhwala onsewa apita kuti, kodi ndapatsa mwana mopyola muyezo? Ndinati ayi, mwanayu wamwa monga ananenera. Anafunsanso kuti nanga wamwa ndani.

Lamulo linali lakuti ndisatchule amuna anga, ndipo ine ndinali mkazi womvera.

"Wamwa ndi mkulu wake," ndinatero.

Mnzanga ananditsina pantchafu n'kulandira nkhaniyo m'manja mwanga. Anati mkuluyo thupi lonse likumuyabwa, tulo sakupeza, akungodandaula. Dokotala anati iye ankadziwa kuti ndili ndi mwana mmodzi. Ndinayankha kuti uyu ndinachita kupatsidwa ndi apongozi anga kuti ndiwasungire, ndipo limeneli silinali bodza. Atafunsa za msinkhu wake, mnzanga anati kuyenda amayenda yekha, kulankhula ndiye kosaleka.

Ndinkayembekeza kuti afunsanso funso limodzi, ife n'kuphulika ndi kuseka, nkhani n'kuthera pamenepo. Koma sanafunsenso. Anasiya zonse patebulo, anatola chikwama chake, n'kuitana dalaivala ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Ndinamutsatira ndikunena kuti adokotala, mwanayo ndi wamkulu ndithu, koma injini inali italira kale. Namwino anatikankhira m'galimoto ine ndi mnzanga n'kukwera nayenso, ndipo azimayi ena amene anamva kuti mwana wamwa mankhwala ambiri anadzipanikiza kumbuyo ndi ana awo. Msewu unali wamatope, galimoto ikuvina uku ndi uku, dokotala akungoti fulumirani. Mnzanga anali ataluma nsonga ya chitenje chake, mapewa akugwedezeka, ndipo azimayi aja ankamusisita poganiza kuti akulira.

Tinafika kunyumba kwathu, pafupi ndi sukulu, nthawi yopuma, ana asukulu ali panja. Pakhomo panalibe munthu. Dokotala anazungulira kuseri kwa nyumba, ife tonse pambuyo pake. Kumeneko tinapeza mlembi wa nthambi ya Chipani atavula malaya, atatsamira mtengo wa mango, akukhula msana pakhungwa ngati ng'ombe, maso atatseka ndi kukoma, chitsononkho chili m'manja.

"Mwana ali kuti?" anafunsa dokotala.

Mnzanga analoza ndi milomo.

Amuna anga anatsegula maso, anaona galimoto, azimayi, ndi mitu ya ana asukulu itandanda pampanda. Anayesa kubisa chitsononkho kumbuyo, koma dzanja litafika kumsanako linayambanso ntchito yake lokha. Anapereka moni wa ulemu wonse n'kufotokoza kuti akulimbana ndi chitedze.

Namwino uja ndi amene anamaliza zonse. Anayandikira nkhope ili phee, n'kuyamba kundifunsa mafunso a ku sikelo monga ankachitira ndi mayi aliyense. Kodi akuyamwa bwino? Kodi akulira kwambiri? Nanga chimbudzi chake chikuoneka bwanji? Ndinayankha kuti phala akukana koma nkhuku akudya, ndipo akaona alendo amachita manyazi. Azimayi a kumbuyo aja, namwino atawamasulira zimenezi m'Chitumbuka, ena anakhala pansi m'matope.

Dokotala sanaseke msanga. Anakhala pachitsa n'kuvula magalasi. Kenako anafunsa amuna anga kuchuluka kwa zimene anamwa, anawagwira pamkono, anawamvera mtima, n'kuwayang'ana m'maso. Atatsimikiza kuti palibe choopsa analankhula m'Chinyanja chake cha ku Lusaka.

"Atate, imwe ndimwe akulu, thupi yanu yanyamula. Koma mwana monga uyu ali kumbuyo kwa amai ake akamwa zamene mwamwa imwe, sitingamupeze wamoyo. Iyi botolo si ya pa msonkhano." Anatembenukira kwa ine. "Na imwe amai, mukabwela kuniuza za mwana, muziyamba na ndevu."

Apa ndi pamene anaseka, mpaka anagwira pamimba. Amuna anga anawapatsa timapiritsi toletsa kuyabwa, timene tinawagonetsa masana onse, ndipo anawapepesa kuti sangawalowetse m'kafukufuku chifukwa msinkhu wawo wapitirira pang'ono.

Tsiku la sikelo lotsatira khonde linadzaza, ena anachokera mpaka kumbali ya ku Mphamba. Ndinamva azimayi akuuzana kuti dokotala amene amathamanga chotero m'matope chifukwa cha mwana wa munthu, osayamba wafunsa khadi la Chipani, sangakhale ndi mbedza. Mnzanga naye analembetsa kamnyamata kake, akunena kuti ngati kadzalankhule Chibemba kadzamuthandiza pa malonda. Kuyambira pamenepo dokotala m'botolo ankathiramo okwanira matendawo basi, ndipo ankatipatsa kakapu koyezera, chifukwa anapeza kuti masupuni a m'nyumba zathu ndi osiyana, ena ngati chipande. Mwana wina anatuluka zidzolo, mayi ake anathamanga kukanena tsiku lomwelo, ndipo dokotala anamusiyitsa n'kumupatsa mankhwala ena. Anachira.

Amuna anga anakauza akuluakulu a Chipani kuti azimayi achuluka chifukwa cha msonkhano wawo, ndipo anayamikiridwa. Ine sindinatsutse. Kunyumba anakhala kanthawi akundilankhula kudzera mwa mwana, amene anali asanadziwe n'komwe kulankhula. Ankamuuza kuti akauze amayi ake kuti ndiwo zachepa mchere, ine ndili pomwepo. Ndinkamuuzanso mwanayo kuti akauze mkulu wake kuti mchere uli pafupi ndi chigongono chake. Tsiku lina mwanayo anatiyang'ana tonse awiri, anatenga mcherewo n'kuukhuthulira m'madzi osamba m'manja, ndipo tinayambiranso kulankhulana tokha.

Dokotala anachoka chimanga chitauma. Anatitsanzika pakhonde lomwe lija n'kutiuza kuti zimene tinkamuuza akaziphatikiza ndi za kuzipatala zina, ndipo zikathandiza popereka malangizo a mankhwala a ana. Azimayi anamupatsa mtedza, maungu ndi nkhuku yamoyo. Mnzanga anapempha kuti amukweze mpaka ku boma, akuti ali ndi kamtolo kakang'ono. Kamtoloko kanali madengu a usipa, amene anawakhazika pakati pa mabokosi a chipatala iye n'kukhala pamwamba. Anandiuza pobwera kuti apolisi a pamsewu ataona galimoto yoyera anangoperekera sawatcha, ndipo anatsikira pakhomo penipeni pa msika wa Lundazi ngati mkazi wa bwanamkubwa. Dalaivala yekha ndi amene ankadandaula, poti ulendo wa ku Lusaka unali ukadali wautali ndipo mawindo akumbuyo sankatseguka.