Tsiku Limene Azakhali Anagwira Khutu

Ndikukumbukira m'mawa umene azakhali, alongo awo a bambo anga, ananditsatira kusukulu ya mishoni kwathu ku Mkhumba. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Iwo mutu unali utayera kale ndi imvi. Mwana wawo ankagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, ndipo makalata ake ankawawerengera bambo wina wapamudzi, amene pofika madzulo ankakhala atauza aliyense za m'katimo. Azakhali zinawakwana. Anafuna kumawerenga okha.

Masiku amenewo mwana ankaloledwa kuyamba sukulu akadutsitsa dzanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu la mbali inayo. Mphunzitsi wathu, mnyamata amene azakhali anamuona akukwawa, anawaimiritsa patsogolo pathu.

"Amayi, lamulo ndi lamulo. Tagwirani khutu tione ngati mwakula."

Tonse tinaseka. Ine ndinaseka mokweza kuposa onse kuti manyaziwo asandigwere, ndipo mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandipsa.

Azakhali anakonza mpango, anadutsitsa dzanja, nagwira khutu.

"Ndagwira, aphunzitsi. Ndikhale pati?"

"Malo atha. M'mutu wa imvi simulowa zilembo. Pitani mukapalire chinangwa."

Azakhali anatuluka. Masana ndinawapeza kunyumba atasesa bwalo, kamtengo kali m'manja.

"Iwe woseka iwe, bwera kuno. Popeza unaseka kwambiri, ndiye kuti umadziwa kwambiri. Lemba pansi apa zimene mwaphunzira lero."

Chimenecho chinali chilango changa tsiku ndi tsiku, anzanga akusewera phada. Akalakwitsa ankafufuta fumbi ndi chikhatho n'kuyambiranso, opanda manyazi, opanda phuma. Zimene ine ndinkangoloweza, iwo ankazifunsa mpaka atazimvetsa.

Patatha zaka ziwiri kalata inafika, bambo uja n'kutambasula dzanja monga mwa chizolowezi.

"Pepani bambo, iyi ndi yanga," anatero azakhali, nalowa nayo m'nyumba. Za m'kalata imeneyo palibe anazimva pamudzipo, ngakhale ine.

Ndinafika ku koleji, ndipo ndaphunzitsa ana zaka zambiri. Tsopano imvi zandiyamba, ndipo ndazindikira kuti ukalamba sutseka mutu. Umangochotsa manyazi ndi phuma, zimene zimalepheretsa achinyamata kuphunzira bwino. Aphunzitsi anzanga achinyamata akamandiuza, mwaulemu wachiphamaso, kuti maphunziro atsopano ndiwasiyire iwo ndikapume, sindikangana nawo. Ndimakonza mpango wanga n'kuwafunsa kuti ndikhale pati.